Nkhomo za Che Bwanausi

1. Thabwa lofundidwa nsalu

Ku Entre Lagos, katauni ka kutsidya kwa malire a Malawi, kunalibe mwana wasukulu wosamudziwa Talandira. Sikuti m'kalasi ankaposa anzake, ayi, ankangokhoza monga akhozera ena. Chomwe chinamutchukitsa chinali foni yakale ya amayi ake, yong'aluka galasi pakona, momwe munali masewero othamangitsa kanjinga kamoto.

Mtsikanayu akagwira foni ija, zala zake zinkachita ngati zili ndi maso. Kanjingako kankalumpha zigwembe, kuzemba miyala, kukwera mapiri, mwini wake lilime lili panja. Anyamata a m'kalasi mwake anayesetsa kumupitirira mpaka anagwa mphwayi. Tsono mwana mukamutamanda pa kanthu, zotsatira zake mukuzidziwa kale. Mpunga unkapserera pamoto, ndowa inkasefukira pamjigo, Talandira ali chiweramire pa foni.

Ankakhala ndi amayi ake, a Josefina, omwe ankagulitsa zitumbuwa ndi nthochi kusiteshoni ya sitima, komanso agogo ake aamuna, a Vitorino, bambo a amayi akewo. Linali banja laling'ono koma losekaseka. Agogowo ankatchula mdzukulu wawo kuti "akazanga", monga achitira agogo ambiri, ndipo ankadandaula tsiku ndi tsiku kuti kanjinga ka m'galasi kanawalanda mkazi.

Komatu a Vitorino nawonso anali ndi chawo chowaiwalitsa kudya. Chinali bawo. Mnzawo wosewera naye anali mmodzi yekha, Che Bwanausi, msodzi wa kugombe la nyanja ya Chiuta. Tsiku lililonse la msika Che Bwanausi ankabwera pa njinga ndi dengu la matemba ndi milamba yowamba. Akagulitsa, ankalunjika pakhonde pa a Vitorino. Wina anali wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti, koma pa bawo ankakangana ngati ana a mimba imodzi.

"A Vito, tambasulani dzanjalo! Mwabisa nkhomo m'chikhathomo!"

"Ine kubisa nkhomo chifukwa cha inu? Inuyo ndimakudyani ndili m'tulo!"

Nkhomo ndi njere zolimba zija osewera bawo amaponya m'maenje a thabwa. Pakhonde paja zinkalira masana onse, mpaka a Josefina kuwadula ndi kapu ya tiyi.

Tsiku lina masewero atafika pokoma, kumwamba kunada. Inali nthawi yoti Che Bwanausi asewere. Anatambasula dzanja, nayang'ana mitambo, nalibweza.

"Mvula iyi indipeza panjira. Musakhudze, a Vito. Ndidzamaliza msika winawo."

Sanabwerenso. Mvula ija inawanyowetsa, chifuwa chinawagwira, ndipo pasanapite nthawi uthenga unafika woti Che Bwanausi atisiya. Poti Asilamu sachedwa kuika maliro, a Vitorino anakafika kugombe anthu atabwerako kale kumanda.

Atabwerera kunyumba ananyamula thabwa la bawo mosamala ngati mbale yodzaza msuzi, nakaliika pa tebulo kuchipinda kwawo. Analifunditsa kapulana, nsalu ya malemu akazi awo. Nkhomo zonse zinakhala mmene anazisiyira Che Bwanausi, ndipo nkhuku ikangosuzumira pakhomo la chipindacho inkaona zakuda.

2. Mboni ya m'galasi

Tsiku lina masana Umaru, mwana wamkulu wa malemuwo, anaimbira foni a Josefina. Anati Loweruka kuli sadaka ya arubaini, mapemphero ndi chakudya chomwe Asilamu amakonza pakatha masiku makumi anayi munthu atamwalira. Abale onse adzasonkhana, ndipo a Vitorino asalephere.

"Ndipita," anatero a Vitorino atamva, "ndipo thabwa lija ndipita nalo. Umaru akakhale pamalo pa bambo ake, timalize masewero aja anthu akuona."

A Josefina anapukusa mutu.

"Baba, msewu wa ku Chiuta mukuudziwa. Musanafike ndi pamlatho pomwe, nkhomo zidzakhala zili mbwee m'thengo. Ingolowezani mmene zakhalira, mukaziikenso konko."

"Ndi mutu wanga uno? Dzulo ndasakasaka chipewa chili kumutu. Ndipo ngakhale nditaloweza, angandikhulupirire ndani? Adzati mkuluyu waziika modzikondera. Bawo imafuna mboni, mwana wanga, ndipo mboni yanga ili kumanda."

Talandira, yemwe aliyense ankayesa kuti sakumva, anayankhula maso ali pa foni.

"Bwanji osangojambula?"

"Wati chiyani?" anafunsa agogo.

"Inetu amayi akandiitana ndili pakati pa mpikisano, ndimaimitsa. Kanjinga kamaima m'malere momwemo mpaka nditabwera. Nanunso mwangoimitsa, agogo. Ndijambule thabwalo, nkhomo muthire m'thumba. Kumeneko tikaonetsa chithunzi, amalume Umaru akaziike okha."

A Vitorino anayang'ana mdzukulu wawo, nayang'ananso foni ija.

"Kodi kanthu kameneka kamathanso kugwira ntchito ya anthu?"

Analowa kuchipinda, natsekula zenera kuti muwale. Agogo anachotsa kapulana pang'onopang'ono. Talandira anakwera pa mpando, najambula ali pamwamba kuti maenje onse aoneke. Kenako anakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, ndipo agogo anayerekeza dzenje ndi dzenje, cha m'galasi ndi cha pa tebulo, mpaka anakhutira.

"Koma agogo, ndiye kuti munkawina eti?" anafunsa Talandira. "Munthu sangavutike chonchi ndi masewero oluza."

A Vitorino anangomwetulira. "Ukaona konko, akazanga."

Agogo anatola nkhomo zija n'kuzithira m'thumba. Atamanga kukamwa kwa thumba anati, "Kuyambira pano masewero athu ali m'manja mwako."

Lachisanu madzulo a Josefina anamuitana mwana wawo akusenda nthochi.

"Talandira, khala pansi undimvere. Foni iyi ine ndinaisiya chifukwa batire lake ndi ndowa yobooka. Ukudziwa wekha kuti ukamathamangitsa kanjinga kako limatha ngati mchere m'madzi. Kugombe kulibe magetsi, ndipo mafoni a kumeneko ndi a mabatani ngati yangayi, oti sungatumizeko chithunzi. Fadili wa pagolosale uja akakutchajira, uizimitse, uiike m'thumba, uiwale kuti uli nayo. Agogo akowa sanalire bwino maliro a mnzawo. Anapeza ataika kale. Chawatsalira ndi chithunzi chimenecho, ndipo arubaini sichitika kawiri. Abale akabalalika, abalalika. Ndidyeretu, chire anasowa mbewu. Wamva?"

"Ndamva, amayi."

Anamvadi. Makutu a Talandira analibe vuto lililonse. Vuto linali zala.

3. Minga panjira

Loweruka ananyamuka mame asanakamuke, agogo pa njinga yawo yakale, Talandira pa njinga ya amayi ake. Thabwa lija analikulunga m'kapulana n'kulimanga ndi mphira kumbuyo kwa Talandira. Msewu unadutsa m'madambo momwe mpunga unali utayamba kucha, ana akukuwa pothamangitsa mbalame. Ankasemphana ndi njinga zosenza makala, zina nsomba, zina banja lathunthu.

A Vitorino anali osangalala kuposa masiku onse apitawo. Ankapalasa uku akuyankhula.

"Thabwa wanyamulalo ukulidziwa? Linali bwato limenelo. Nkhondo itafika kumudzi kwathu tinathawira kugombe, ine, agogo ako aakazi, ndi amayi ako ali khanda kumsana. Msodzi wina wosatidziwa n'komwe anatikweza m'bwato mwake, natiwolotsera tsidya la ku Malawi. Anali Bwanausi. Sanafunse kuti mumapemphera kuti. Bwatolo litang'aluka kumeneko, anadula pansi pake pokhuthala n'kusema bawoyi kuti tisafe ndi maganizo. Mtendere utabwera, tinabwera nayo."

Atawoloka mlatho wamitengo anafika pa mphambano pomwe panali mlambe wopserera mbali imodzi. Kanjira kakang'ono kankapatukira kumanzere, kulowa m'udzu. A Vitorino anadula nkhani pakati, nayang'ana kumbali.

"Agogo, kanjira aka kakupita kuti?"

"Palasa, dzuwa likukwera."

Sanapite patali, tayala la kumbuyo la agogo linaphwa. Inali minga. Anakankha njinga mpaka pansi pa mtengo wa mango pomwe mkulu wina, Ibrahimo, ankamata machubu. Anapeza njinga zina zili pamzere, ndipo Ibrahimo sanali munthu wodziwa kufulumira. Ankapaka guluu pang'ono, n'kusimba nkhani, n'kuuzira chubu, n'kusimbanso ina. A Vitorino analowa nawo m'machezawo.

Talandira anakhala kuseri kwa mtengo. Anaponya timiyala. Anawerenga nyerere. Zala zinayamba kuyabwa.

"Ndingoona ngati chithunzi chilipo," anadziuza.

Chinalipo. Kanjinga nakonso kanalipo, kakumudikira m'malere pomwe anakasiya.

"Kamodzi kokha."

Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Kamodzi kaja kanabala kachiwiri, kachiwiri kanabala anzake. Anadzidzimuka foni italira. Kachizindikiro ka batire kanali katatsika mpaka pansi, kali psuu ngati tsabola.

Anaizimitsa msangamsanga. Atadzutsa mutu anapeza agogo ataima pomwepo.

"Latsalako?"

"Pang'ono, agogo."

Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anakhala pa muzu wa mango, navula chipewa.

"Akazanga, ine sindidana ndi masewero. Ndingadane nawo bwanji, munthu woti ndakupalasitsa mtunda wonsewu chifukwa cha njere? Agogo ako aakazi ankachita kundibisira nkhomo mu mtsuko kuti ndipite kumunda. Kukoma kwa masewero ndimakudziwa kuposa iwe. Koma osewera alipo awiri. Wina amanyamuka akafuna yekha, wina amanyamuka masewero akamulola. Woyambayo ndi mwini wake, wachiwiriyo ndi kapolo. Bwanausi uja, bawo ikome bwanji, nthawi ya swala ikakwana ankabweza dzanja n'kupempha madzi ndi mkeka. Ine ndinkamunyengerera kuti timalize kaye, iye toto. Akamaliza kupemphera ankabwera n'kundidya bwinobwino. N'chifukwa chake ndinkamupatsa ulemu, ngakhale ankandinamizira kuba. Tsono foniyo sindikulanda ayi. Ndikakulanda, zala zakozo siziphunzira kanthu. Isunge wekha."

Talandira anachita manyazi kwambiri. Misozi inalengeza, koma anaipukuta ndi kuseri kwa dzanja Ibrahimo asanaone. Tayala litakonzedwa, anapitiriza ulendo.

4. Akuopa! Akuopa!

Anafika kugombe dzuwa lili paliwombo. Fungo la nsomba zoyanika pa mathandala linawachingamira asanaone n'komwe madzi. Mabwato anali atakocheza m'bango chifukwa tsikulo asodzi a m'mudzimo sanalowe m'nyanja. Pabwalo pa malemu Che Bwanausi amuna ovala mikanjo anakhala pa mikeka, ndipo kuseri kwa nyumba amayi ankavundula miphika ikuluikulu ya mpunga.

Umaru anathamanga kudzawalandira njinga. "Mwafika, baba. Mwatilemekeza."

A Mwanahamisi, akazi a malemuwo, anatuluka m'nyumba pang'onopang'ono. Ataona chomwe chinali kumbuyo kwa njinga ya Talandira, anagwira pakamwa. Kenako anaseka, misozi ikutsika.

"A Vito, mwandibweretsera mkazi mnzanga? Ameneyutu ndiye ankandilanda mwamuna tsiku lililonse la msika!"

A Vitorino anafotokozera Umaru ndi shehe wa m'mudzimo chomwe anadzera. Shehe anasisita ndevu, nati palibe choletsa, bola mapemphero ndi chakudya zithe kaye.

Mapemphero anatenga nthawi. Talandira anapita kuseri kukathandiza Anisa, mwana wamkazi wa Umaru, kutsuka mbale. Anisa anali wa msinkhu wake, woseka msanga, ndipo posakhalitsa awiriwo ankacheza ngati anakulira limodzi. Ali mkati motsuka, anatulukira Tahiru, mlongo wake wa Anisa, ndi gulu la anzake.

"Ndiwe uja agogo ankakamba?" anafunsa Tahiru. "Ankati kwa a Vito kuli mtsikana wothamangitsa njinga m'galasi, woposa anyamata onse a ku Entre Lagos. Tationetsa."

"Batire latsala pang'ono."

"Aaa, ndi mmene amanenera onama onse. Kamodzi kokha. Inenso ndinasewerapo ku Mecanhelas kwa atsibweni anga. Ndikuposa uli kuona."

"Ndati sinditha."

"Akuopa!" anakuwa kamnyamata kena kopanda mano akutsogolo. Anzake anapolokezana. "Akuopa! Akuopa!"

Mukanamunena Talandira kuti ndi waulesi, akanangoseka. Mukanati sadziwa kuphika, akanavomera. Koma kumutcha wamantha pa kanjinga kake kunali kumuponda pachilonda. Anapukuta manja, napisa m'thumba, natulutsa foni. Ana aja anamuunjirira ngati nkhuku zaona madeya. Chala chake chinafika pa batani loyatsira.

Pakati pa nyumba ndi khitchini panali mpata, ndipo pa mpatapo anaona agogo ake. Anakhala kumapeto kwa mkeka, Mkhristu mmodzi yekha pakati pa Asilamu, osamva ndi liwu limodzi lomwe la mapempherowo. Chipewa chinali pa bondo. Kathumba ka nkhomo anakagwira ndi manja onse awiri.

Talandira anachotsa chala. Anakulunga foni ija m'mpango, namanga mfundo ziwiri.

"Nenani zomwe munganene," anatero. "M'fonimu muli masewero a agogo ako, Tahiru. Amenewo ndiwo ayambe."

Tahiru sanamvetse. Anaseka monyoza. "Mbiri ya ku Entre Lagos ndi yabodza, anyamata. Tiyeni."

Anachoka akuimba nyimbo yawo ija. Zinamupweteka Talandira, tisabise. Mbale yomwe inali m'manja mwake anaikwecha mpaka inatsala pang'ono kubooka.

"Asiye," anatero Anisa. "Ameneyo ngakhale njinga yeniyeni amagwa nayo."

5. Dzanja lomwe linabwezedwa

Anthu atadya mpunga n'kusamba m'manja, Umaru anayala mkeka pansi pa mtengo wa mkuyu. A Vitorino anamasula kapulana n'kuika thabwa pakati. Amuna anazungulira, amayi anaima kumbuyo kwawo, ana analowa m'miyendo mwa akulu. Umaru anakhala mbali ya bambo ake.

A Vitorino anamupatsa kathumba kaja. "Ine sindikhudza. Uike wekha monga iuzira mboni."

Talandira anagwada pambali, namasula mfundo za mpango. Anadina batani. Foni ija inachita ngati ikuganiza kaye, kenako inayaka. Kachizindikiro kaja kanali kachepera-chepera. Anatsekula chithunzi msanga n'kuchikulitsa.

"Maso anga sazolowera zimenezi," anatero Umaru. "Tahiru, bwera uziwerenga."

Tahiru anasendera pafupi. Ataona thabwa lomwelo m'galasi, lili ndi nkhomo zake, anayang'ana Talandira kamphindi. Kenako anayamba kuwerenga mokweza, dzenje ndi dzenje, bambo ake akuponya nkhomo, shehe akusuzumira kuti pasakhale cholakwika. Mzere woyamba unatha, wachiwiri unatha. Ali pa wachitatu galasi linachita mdima pang'ono.

"Fulumirani, amalume," ananong'ona Talandira.

Thukuta linamutsika m'khosi. Mzere wotsiriza Tahiru anauwerenga mothamanga ngati akuthawa mvula. Nkhomo za dzenje lomaliza zitangogwa, foni inati thii, galasi bii. Umaru anakutumula kathumba, ndipo munalibe nkhomo yotsala. Anthu onse anapumira pamodzi. Kukanakhala kuti kuseri kuja kanjinga kanathamanga kamodzi kokha, thabwalo likanathera panjira.

"Nthawi ndi ya ndani, baba?" anafunsa Umaru.

"Ya bambo ako."

Umaru anaweramira thabwa. Anayendetsa chala m'mwamba mwa maenje, akuwerenga chamumtima. Anaima. Anayambiranso. Kenako anadzutsa mutu.

"Baba, mwaona mmene zililimu?"

"Ndakhala ndikuziona m'mawa ndi madzulo. Sewera, mwana wanga."

Umaru anatola nkhomo m'dzenje lomwe bambo ake anatambasulira dzanja tsiku la mvula lija, nayamba kuponya. Zinalira go, go, go. Yomaliza inagwera moyang'anana ndi dzenje lodzaza la a Vitorino.

"Wadya!" anakuwa mkulu wina.

Umaru anakokola nkhomozo n'kupitiriza. Anadyanso. Anazungulira, nadyanso. Akuluakulu aja anaiwala misana yawo, ena anaimirira. Dzanja la Umaru litaima, mzere wakutsogolo wa a Vitorino unali mbee, wopanda ndi nkhomo imodzi yomwe.

Talandira sankadziwa malamulo a bawo. Anakoka Anisa pa mkono. "Chachitika n'chiyani?"

"Agogo ako aluza. Aluziratu."

Koma a Vitorino ankawomba m'manja, akuseka, misozi ili chuchuchu m'masaya.

"Wandidya, Bwanausi! Wandidya uli kumanda, nkhalamba yochenjera iwe!"

Bwalo lonse linafa nalo phwete. A Mwanahamisi ankaseka uku akulira, atabisa nkhope m'nsalu. Shehe yemwe analephera kudzigwira.

Phokoso litachepa, Talandira anasendera kwa agogo ake.

"Agogo, munkadziwa?"

"Kuyambira tsiku lomwe anabweza dzanja. Nayenso ankadziwa. Sunamuone mmene ankamwetulira pokwera njinga?"

"Nanga bwanji simunangozisokoneza? Palibe akanadziwa."

"Ndikanadziwa ine. Tamvera, akazanga, nawenso Tahiru utchere khutu. Munthu akamwalira, aliyense amene anabwereka kanthu kake amabweza kwa ana ake. Wa ukonde amabweza ukonde, wa nkhafi amabweza nkhafi. Ichinso chinali chake. Kupambana kumeneku anakukhetsera thukuta masana onse, mvula yokha ndiyo inamudula. Ndikanakukwirira kunyumba kwanga, ndikanakhala wakuba uja ankandinena. Inu ana mumaganiza kuti kukoma kwa masewero n'kuwina. Mukadzakula mudzaona kuti kukoma kwake ndi munthu wakhala mbali inayo. Ine wanga anapita ndisanatsanzike naye. Lero ndiye ndaika maliro a mnzanga."

Anavala chipewa chawo, napempha kapu ya tiyi, ndipo anamwa ngati munthu amene watula katundu.

Anthu akubalalika, Tahiru anabwera kwa Talandira akukanda m'mutu.

"Tsiku la msika ndibwera ndi ababa ku Entre Lagos. Ukatchajiretu."

"Ubwere ndi mpango wopukutira misozi," anayankha Talandira, ndipo onse awiri anaseka.

6. Pa mlambe wopserera

Anagona komweko. M'mawa mwake a Vitorino anafuna kusiya thabwa lija kwa ana a malemu, koma a Mwanahamisi anakana kwamtuwagalu.

"Mkazi mnzangayu ndamupirira zaka zambiri, a Vito, musandisiyire pakhomo. Mutengeni, mukaphunzitse mwanayu. Zala zodziwa kudzigwira chonchi zisamangothera pa galasi."

Anawapatsa milamba yowamba kuti akapatse a Josefina, ndipo Anisa anawaperekeza mpaka kumapeto kwa mudzi.

Panjira Talandira anawapanikiza agogo ake ndi mafunso. Munthu amadya bwanji? Nanga dzanja limaima liti? A Vitorino ankayankha mosangalala, nthawi zina kusiya chiwongolero kuti aonetse ndi manja, mpaka njinga kudzandira. Foni inali m'thumba, yozizira ngati mwala, ndipo Talandira sanaikumbuke n'komwe.

Anadutsa pa mango a Ibrahimo, yemwe anawabayibitsa ndi chubu. Atafika pa mlambe wopserera uja, a Vitorino anamanga mabuleki, natsitsa phazi pansi.

"Dzulo unandifunsa za kanjira aka."

"Eya, agogo."

"Kakupita kwathu. Kumene ndinabadwira ine, kumene anabadwira amayi ako. Chithawireni sindinapondekonso. Bwanausi ankandiuza chaka ndi chaka kuti tiyeni ndikuperekezeni, a Vito, mudzi suluma. Ine ndinkangoti msika winawo, msika winawo."

Anayang'ana udzu womwe unaweramira m'kanjirako.

"Agogo, amayi akutidikira. Foni yazima, sitingathe kuwauza."

"Ndikudziwa, akazanga. Koma kumeneko kuli munthu amene mwina akuganiza kuti ndinafera m'nyanja tsiku tinathawa lija. Ngati akadali moyo."

"Ndani?"

"Mlongo wanga," anatero a Vitorino. Anakhotetsa chiwongolero kumanzere, nayamba kukankha njinga kulowa m'udzu.

Talandira anayang'ana msewu waukulu wopita ku Entre Lagos, komwe amayi ake anali atayamba kale kusuzumira panjira. Anayang'ana chipewa cha agogo ake chikumira m'udzu. Anatsika, nakunga mphira womanga thabwa lija kuti lisagwe, ndipo anawatsatira.